Makilogalamu 995

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ine ndinali m'gulu la anthu amwayi. Anzathu ku Chilobwe ndi ku Manja ankafukula matope kufunafuna abale awo, pomwe kwa ine chinaonongeka ndi galimoto basi. Madzi a mtsinje wa kumunsi kwa nyumba yomwe ndinkachita lendi analowa mumpanda usiku n'kudzaza ka Mazda Demio kanga mpaka kufika m'mipando. Injini inapulumuka chifukwa aneba anandiletsa kuliza m'mawa mwake. Koma m'kati munali matope okhaokha, ndipo dzuwa litayamba kuwala fungo lake silinkapiririka.

Tinaikokera kugalaja ina ku Ndirande. Amakaniko ake, bambo achikulire osachulutsa zonena, anasuzumira kamodzi kokha.

"Achimwene, apa palibe zotsuka pamwamba. Tichotsa zonse. Tikapanda kutero dzimbiri lidya pansi ponsepa, ndipo mawaya adzakusowetsani mtendere chaka chonse."

Anachotsadi zonse. Mpando wakumbuyo, wa pasenjala, kapeti, chithonje chokhuthala chija chimakhala pansi pa kapeti kutchinga phokoso, zikuto za zitseko, mapulasitiki a m'buti, sipeya, jeke, ndi chibokosi cha sipika chimene mwini wake wakale anandigulitsa nacho limodzi. Zonse anaziyanika pamwamba pa magalimoto akufa a pagalajapo.

## Ulendo wa ku Chirimba

Vuto linatsala la magetsi. Amakaniko anali ndi mnzawo wa zamagetsi ku Chirimba, ndipo anati ndi bwino galimoto ipite chomwecho, mawaya onse ali pambalambanda, kuti asavutike kumasulanso. Anabwezeretsa mpando wa dalaivala wokha ndi lamba wake. Poti munalibe pokhala munthu wina, sipanala boyi wawo anakwera kabaza wa njinga yamoto kuti azinditsogolera.

Choyamba kundifika chinali phokoso. Kamwala kalikonse kogunda pansi ndinkakamva kumapazi. Petulo ankamveka akukhavuka m'thanki, pamalo pomwe mpando wakumbuyo unkaphimba, ndipo pampu yake inkalira kamawu kosalekeza komwe sindinali n'takamvapo chigulireni galimotoyo. Ndinayamba ndi mantha, chiwongolero nditachigwira ndi manja onse awiri.

Titatuluka m'tinjira ta Ndirande n'kulowa pa tala, ndinaponda mafuta monga ndimapondera masiku onse, galimoto n'kunyamuka msanga kuposa mmene phazi langa linazolowerera. Ndinaponda buleki, nayo inagwira msanga. Pachitunda chomwe injini imakonda kubuula ikakhala ndi anthu, tsiku limenelo inangokwera osadandaula. Koma pomwe ndinazindikira bwinobwino kuti chasintha n'chachikulu ndi pokhota pa Magalasi. Ndinangopotoza chiwongolero pang'ono, mphuno ya galimoto n'kulowa pomwe maso anga ankayang'ana, osayamba yapendekera kaye kunja ngati ikuganiza. Kumbuyo kunkatsatira mopepuka, mwina mopepuka mopitirira, chifukwa pabampu iliyonse kunkadumpha pang'ono. Matayala anayi onse ndinkawamva, lililonse palokha, kudzera mumpando.

Khutu limanamiza, zimenezo n'zoona. Galimoto yaphokoso imamveka ngati ikuthamanga ngakhale ikuyenda 50. Koma si zonse zinali za khutu. Katundu anatsala padzuwa ku Ndirande uja akanalemera ngati munthu wamkulu mmodzi, ndipo pa galimoto yaing'ono ya injini ya 1.3 munthu mmodzi si wochepa. Funsani wakabaza wa njinga yakapalasa kusiyana kwa chitunda ali yekha ndi chitunda chomwecho atanyamula munthu.

Injini inali yomweyo, matayala omwewo, mashoko otopa omwewo. Palibe chimene anawonjezera.

Titafika, mnyamata uja anandipeza ndisanatsike.

"Bigi, mukumwetulira chani? Galimoto yamatope imeneyi?"

Ndinayesa kumufotokozera. Sanadikire kuti ndimalize. Anatulutsa foni yosweka galasi, n'kufufuza kwa kanthawi m'zithunzi zake zambirimbiri za magalimoto, kenako n'kundipatsa.

"Ndiye onani iyi. Imeneyi anaipanga dala chomwechi. Ndi Mazda yomweyinso."

## Yopanda denga, yopanda galasi

Pachithunzipo panali kagalimoto kofupika, ka mipando iwiri, kopanda denga, kopanda mawindo, ndiponso kopanda galasi lakutsogolo. Dzina lake ndi Mazda MX-5 Superlight. Kuyambira tsiku limenelo ndawerenga chilichonse chimene ndinachipeza chokhudza galimoto imeneyi, ndipo sinandichoke m'mutu.

Anaionetsa koyamba pa chionetsero cha magalimoto cha ku Frankfurt, ku Germany, mu Seputembala 2009, pokumbukira zaka 20 za MX-5, kagalimoto ka Mazda ka mipando iwiri ka denga lopinda. Ndi galimoto ya concept, yopangidwa kuti anthu aione ndi kuikambirana, osati kuigula. Anaikonza ku situdiyo ya Mazda ya ku Ulaya yomwe ili ku Oberursel, kufupi ndi Frankfurt, pansi pa wojambula magalimoto Peter Birtwhistle. Anatenga MX-5 ya m'badwo wachitatu, yomwe inali kale m'mashopu, n'kuyamba kumasula.

Galasi lakutsogolo ndi felemu yake, kunja. Denga lopinda ndi zitsulo zake, kunja. Mawindo a m'mbali, zogwirira zitseko zakunja, eyakoni, fani, kapeti, zotchinga phokoso, wailesi, zonse kunja. Mipando anaika ya carbon fibre, chipangizo cholimba koma chopepuka kuposa chitsulo, yokutidwa ndi chikopa chofiirira. Boneti analitalikitsa kuti lifike pamwamba pa dashibodi, kagalasi koonera kumbuyo n'kukaimika pomwepo. Kumbuyo kwa mitu ya okwera anaika zitsulo zotchinjiriza galimoto ikagubuduka. Woyendetsa amayenera kuvala helimeti ngati wa njinga yamoto, chifukwa palibe chomutchinga ku mphepo, kachilombo kapena kamwala. Pomaliza sikelo inawerenga makilogalamu 995.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi injini. Akanatha kuikamo yamphamvu kuti manyuzipepala alembe mitu ikuluikulu. Anasiyamo yaing'ono pa ziwiri zomwe MX-5 inkagulitsidwa nazo ku Ulaya, ya malita 1.8, ya mphamvu ya horsepower 126, ndi giya yamanja ya magiya asanu. Anangosintha polowera mpweya ndi ekisozi, n'kuika mashoko a Bilstein, n'kuitsitsa ndi mamilimita 20. Ndi zimenezo pamodzi ndi kupepuka kuja, nthawi yochoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola inatsika kuchoka pa masekondi 9.9 kufika pa 8.9. Sekondi yathunthu, injini osaitsegula n'komwe.

Ndipo sinali chidole chongoimika pansi pa magetsi a chionetsero. Inkayenda, atolankhani anaiyendetsa.

## Kilo imodzi imabala anzake

Injini yamphamvu imathandiza pamalo amodzi okha, pamsewu wowongoka phazi lili pansi. Ukafika pokhota, mphamvu ija ilibe chonena. Ukaponda buleki, ilibenso chonena. Koma kilo yochotsedwa imagwira ntchito paliponse: ponyamuka, poima, pokhota, pa pampu ya petulo, ngakhale pa kutha kwa matayala ndi mabuleki.

Chinanso, kulemera kumaberekana. Thupi likalemera limafuna injini yaikulu. Injini yaikulu imafuna giyabokosi yolimba, thanki yaikulu, ladiyeta yaikulu, mabuleki aakulu. Mabuleki aakulu amafuna malimu aakulu, ndipo zonsezi zimafunanso thupi lolimba kuposa poyamba. Ukayamba kuchotsa, unyolo womwewo umayenda chobwerera.

Pali makilo ena oipa kuposa anzawo. Ndi omwe ali pansi pa masipuling'i: tayala, limu, buleki. Tayala likagunda dzenje limakankhidwira mmwamba, ndipo ntchito ya sipuling'i ndi shoko ndi kulibwezera pansi msanga. Likakhala lolemera limachedwa kubwerera, ndipo pakanthawi kameneko galimoto siikugwira msewu mokwanira. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona Demio yomwe inabwera ndi malimu a mainchi 14 itavekedwa zimalimu zolemera za 17 ndi timatayala topyapyala, pa misewu yathu ino. Mwini wake walipira ndalama zambiri kuti galimoto iziyenda moipa, izimwa mafuta ambiri, ndiponso izipinda limu pa dzenje loyamba la dzinja.

## Magalamu 84

Nditawerenga mozama ndinapeza chinthu chimene chinasintha mmene ndimaionera Superlight. MX-5 yoyamba, yomwe inaonetsedwa ku Chicago mu Febuluwale 1989, inkalemera pakati pa makilogalamu 940 ndi 960, ili ndi denga lake, galasi lake ndi mawindo ake. Ndiye kuti patapita zaka 20, akatswiri a ku Oberursel anachita kuzula galasi ndi denga, komabe sanafike pomwe agogo ake a galimotoyo anayambira. Malamulo a chitetezo pangozi anali atakhwima, ma airbag anabwera, thupi linakula, ogula ankafuna zofewa zambiri. Zambiri mwa zimenezi n'zabwino ndipo zapulumutsa miyoyo. Koma chilichonse chinabwera ndi makilo ake.

Ine Superlight ndimaiona ngati funso lomwe anthu a Mazda ankadzifunsa pagulu: tafika pati, ndipo tingabwerere bwanji?

Yankho lenileni silinali lozula galasi. Linali ntchito yotopetsa yomwe Mazda imaitcha gram strategy. Popanga MX-5 ya 2005, gulu lotsogozedwa ndi Takao Kijima linkatenga kachitsulo kalikonse n'kufunsa ngati kangachepe. Nkhani yotchuka ndi ya kagalasi koonera kumbuyo, komwe anakakonzanso kuti apulumutse magalamu 84. Wina angaseke. Koma galimoto ili ndi tizigawo masauzande, ndipo kalikonse kakapereka magalamu ake ochepa, pamapeto pake mwatsitsa munthu wathunthu amene akanakwera ulere moyo wonse wa galimotoyo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi inandibwerera pakhomo. Demio yomwe yadzaza m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ya maonekedwe aja anayamba mu 2007, inapangidwa ndi nzeru yomweyi. Inatuluka yopepuka ndi makilogalamu pafupifupi 100 poyerekeza ndi Demio yomwe inalipo poyamba, pa nthawi yomwe pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano inkalemera kuposa yakale. Anagwiritsa ntchito chitsulo cholimba kwambiri kuti chikhale chopyapyala, anafupikitsa mawaya, anapeputsa ngakhale maginito a masipika a m'zitseko. Mu 2008, pansi pa dzina lake lakunja la Mazda2, inapambana mphoto ya World Car of the Year, yopita kwa galimoto yabwino koposa ya chakacho padziko lonse. Zambiri za injini ya 1.3 sizifika tani imodzi. Mwa kunena kwina, kagalimoto ka mipando isanu, denga, eyakoni ndi buti, komwe timakaona ngati ka osauka, kamalemera mofanana ndi galimoto ya chionetsero ya ku Frankfurt.

Anthu a Mazda ku likulu lawo ku Hiroshima anakhala m'misonkhano kukangana za kutalika kwa waya. Galimotoyo inayenda zaka zake ku Japan, inakwera sitima mpaka Dar es Salaam, inadutsa pa Songwe, ife n'kuikamo chibokosi cha matabwa ndi sipika yolemera kuposa zonse zimene anthu aja anapulumutsa m'zitseko zinayi.

Zinthu zitauma ku Ndirande tinabwezeretsa mipando, kapeti, sipeya ndi jeke, chifukwa ndili ndi banja ndipo ndimayenda maulendo ataliatali. Chibokosi chija ndinamusiyira mnyamata wa foni.

## Ya ku Italy

Patangotha chaka chimodzi, pa chionetsero cha ku Paris cha 2010, Lamborghini inabweretsa concept yakeyake yopepuka, Sesto Elemento. Inkalemera makilogalamu 999, anayi okha pamwamba pa Superlight. Koma m'kati mwake munali injini ya V10 ya malita 5.2 yochokera mu Lamborghini Gallardo, ya horsepower 570, yokoka ndi matayala onse anayi. Kufika 100 pa ola, masekondi 2.5. Pafupifupi thupi lonse ndi carbon fibre. Mipando yeniyeni mulibe: anangomata timapilo pa thupi la galimotoyo, ndipo chimene chimasunthidwa kuti dalaivala akwane ndi chiwongolero ndi mapedulo. Analengeza kuti apanga 20 zokha, zoyenda m'mabwalo a mpikisano basi, pa mtengo woposa madola 2 miliyoni iliyonse.

Ndi ntchito yogometsa, sindingakane. Pa liwiro Mazda ija siingayandikire n'komwe. Koma mtima wanga uli kwa Superlight. Lamborghini inaonetsa kuti ukakhala ndi ndalama zopanda malire ungagule kupepuka. Mazda inagwiritsa ntchito carbon fibre pang'ono chabe, ndipo mbali yaikulu ya makilo ake inachoka ndi sipanala komanso kulimba mtima kofunsa kuti, kodi chinthu ichi tikuchifunadi? Funso limeneli munthu wa ku Ndirande angathe kulifunsa mawa m'mawa osalipira kanthu.

## Kuno siingakhale

Pali anzanga omwe ndikawaonetsa chithunzi chija amangoti ndi misala ya azungu. Ndimawamvetsa. Galimoto yopanda galasi pa M1, kumbuyo kwa thiraki yomwaza miyala, ndi ngozi. Mu Okutobala fumbi lingakutsamwitse, mu Januwale ungafike kuntchito ngati wagwera m'chitsime. Mamilimita 20 anatsitsa aja angathere pa hampu yoyamba. Ngakhale ku Germany komweko sinagulitsidwe, ndipo concept iliyonse imakhala ndi mbali yake yotsatsa malonda.

Ndiponso sindikuuza munthu kuti azule zinthu m'galimoto mwake mwachisawawa. Lamba, ma airbag, zitsulo za m'zitseko, sipeya pa ulendo wa ku Karonga, amenewo ndi makilo oyenera kuwanyamula. Ndipo tili ndi vuto lathu la kulemera lomwe ndi loopsa kuposa masipika: Sienta ya mipando isanu ndi iwiri itanyamula anthu opitirira pamenepo, matumba ali m'buti, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Woyendetsa akusaka ya ndiwo, mafuta akwera, ndikumvetsa. Koma mabuleki a galimotoyo anawayezera kulemera kwina, ndipo pa chitsetse chachitali amatentha n'kusiya kugwira. Ndi sayansi yomweyi ya Superlight, yangotembenukira mbali yowawa.

Kunja nakonso zinthu zikulowera kolemera. GMC Hummer EV ya ku America imaposa matani anayi, ndipo batire lake lokha, la makilogalamu pafupifupi 1,300, ndi lolemera kuposa MX-5 yathunthu. Imathamanga modabwitsa pamsewu wowongoka. Koma mwana wowoloka msewu sagundidwa ndi horsepower, amagundidwa ndi matani anayi.

## Yankho linafika mu 2015

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi chionetsereni Superlight, MX-5 ya m'badwo wachinayi inatuluka, motsogozedwa ndi Nobuhiro Yamamoto. Inali yofupika kuposa yoyamba ya 1989 ija, ndipo inatsika ndi makilogalamu pafupifupi 100 poyerekeza ndi ya m'badwo wachitatu. Boneti, chivundikiro cha buti ndi mafenda akutsogolo anapanga a aluminiyamu. Manati a tayala anawachepetsa kuchoka pa asanu kubwerera pa anayi, chifukwa galimoto yopepuka siifuna asanu. M'mipando anachotsa masipuling'i achitsulo n'kuika ukonde wolimba. Ku Japan, komwe amaitcha Roadster, ya injini ya 1.5 yotchipa kwambiri inalemera makilogalamu 990.

Taonani nambala imeneyo. Ndi makilo asanu pansi pa Superlight, koma ili ndi galasi lakutsogolo, denga, mawindo, ma airbag ndi eyakoni, ndipo aliyense akanatha kulowa m'shopu n'kuigula. Mu 2016 inapambana World Car of the Year, chaka chomwenso MX-5 ya nambala 1 miliyoni inatuluka m'fakitale.

Okonda kuzula sanasiye. Pa chionetsero cha SEMA ku Las Vegas mu 2015 anaonetsa MX-5 Speedster, yopandanso galasi, ya makilogalamu pafupifupi 943, ndipo chaka chotsatira anaitsitsanso kufika pansi pa 900. Koma imene imandikopa ine ndi ya pamsika yotchedwa 990S, yomwe inatuluka ku Japan chakumapeto kwa 2021. Sanaiwonjezere mphamvu ngakhale pang'ono. Anaiveka malimu a Rays opepuka ndi magalamu pafupifupi 800 lililonse ndi mabuleki akutsogolo a Brembo, n'kukonzanso mashoko ndi masipuling'i kuti agwirizane ndi miyendo yopepukayo. Anakachotsa pamalo pomwe kilo imapweteka kwambiri.

Ma Roadster a 2015 ndi 2016 ayamba kale kuoneka pa masamba omwe timaitanitsirapo magalimoto a ku Japan, ndipo chiwongolero chake chili kumanja ngati kwathu kuno. Ndimawayang'ana kawirikawiri, n'kumawerengera mtengo wa sitima, msonkho ndi mmene kwacha ikuyendera, ndipo pakadali pano masamu ake sakundilola. Ndafunsa kale amakaniko ngati angathe kuisamalira, anati injini ndi injini, bola zipangizo zizipezeka. Ikadzatheka ndidzatenga ya 1.5, ya giya yamanja, ndipo sindidzaitsitsa kapena kuisintha malimu. Msewu woyamba ndausankha kale: wa Khwekhwerere, kutsika kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, m'mawa mathiraki asanayambe kukwera.